Woti Adzatilankhule ku Tengwe Timusankha Bwanji?

Ku Tengwe, dera la mafamu a fodya chakumwera kwa tawuni ya Karoi m'boma la Hurungwe, misonkhano sisowa. Pali tsiku loonetsa za ulimi m'munda wa mlimi amene fodya wake wachita bwino, tsiku lopereka mphoto kusukulu, msonkhano wa pachaka wa bungwe lothandizana pa maliro, misonkhano ya kutchalitchi ndi kumzikiti, komanso ya antchito a m'mafamu. Paliponse pamafunika munthu woima kutsogolo, ndipo kawirikawiri munthuyo amachokera ku Karoi, ku Chinhoyi kapena ku Harare. Mafunso otsatirawa ndi amene komiti yokonza mwambo iyenera kulimbana nawo kalata yoitana mlendo isanalembedwe.

N'chifukwa chiyani tivutike kuitana munthu wakutali, pamene akuluakulu odziwa kuyala nkhani tili nawo pakomboni pomwe?

Pali nkhani zimene mkulu wa pakomboni amazitha kuposa mlendo aliyense: mwambo wa maliro, kuyanjanitsa banja, kulanga anamwali, mbiri ya mmene agogo anayendera kuchokera ku Dedza, ku Mangochi kapena ku Angónia mpaka kudzafika m'mafamu a fodya. Kuitana mlendo pa zimenezi n'kunyoza eni mudzi. Koma zilipo zina zimene zimasinthidwa m'maofesi a ku Harare anthu osadziwa, monga malamulo a unzika, malipiro a antchito a m'mafamu, ndondomeko yogulitsira fodya ndi mankhwala ololedwa kupopera m'munda. Apa mpamene mwambi woti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa umakhala woona. Chokhacho, kalumo kakuthwa kamameta komanso kamacheka, ndipo anthu a m'mafamu anachekedwapo kokwanira.

Agogo awo anabwera pa malole a Ulere kapena kudzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, ena wapansi, ndipo atafika anapeza kuti mawu amayenda njira imodzi yokha: kuchokera kwa mwini famu, kudzera kwa foromani, kukathera pa wantchito. Ngakhale chinenero chimene chinkagwiritsidwa ntchito, Chilapalapa, chinali cholamulira, chosasiya mpata wofunsa chifukwa. Blair Rutherford, yemwe anachita kafukufuku m'mafamu a ku Hurungwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndi kutulutsa buku lake mu 2001, anasonyeza kuti mwini famu ankakhala ngati boma palokha, popeza nyumba, ufa, ngongole ngakhale milandu ya pakomboni zonse zinali m'manja mwake. Minda itayamba kugawidwa mu 2000, antchito a m'mafamu amene analandirako malo anali ochepa kwambiri, osafika 5 pa 100 alionse malinga ndi ofufuza a nthawiyo. Oima kutsogolo anasintha, anabwera a chipani, a makampani a fodya, a mabungwe ndi alaliki, koma womvera anatsala pomwe paja, pansi, akuwomba m'manja. Tsono komiti ya pakomboni kapena ya pasukulu ikamaitana mlendo ndi ndalama zake, yapeza mwayi wosowa wotembenuza zinthu: ndiyo ikusankha, ndiyo ikunena mutu, ndiyo ikufunsa. N'zomvetsa chisoni kuti makomiti ambiri amataya mwayi umenewu pongothamangira dzina lotchuka kapena galimoto lalikulu.

Nanga muyeso wake ukhale wotani?

Ine ndikuti wolankhula asankhidwe mmene timasankhira nkhoswe. Pa chinkhoswe, banja siliyang'ana amene ali ndi mawu okoma pamudzi ponse. Limayang'ana munthu amene ukwati ukadzagwedezeka pakati pa usiku, mkazi kapena mwamuna adzadziwe khomo lokagogoda, ndipo mwini khomolo sadzakana kuti analipo tsiku limene mawu ankamangidwa. Mawu a nkhoswe amalemera chifukwa iye sathawa zotsatira zake. Mlendo wodzalankhula za unzika, za kontirakiti ya fodya kapena za umoyo akhale wotero. Akhale ndi ofesi yodziwika, nambala ya foni imene imayankhidwa, ndi akuluakulu amene angamudzudzule akanama.

Ena anganene kuti mlendo wa tsiku limodzi sangafanane ndi nkhoswe wa moyo wonse, ndipo akunena zoona. Palibe akumupempha kuti asamukire ku Tengwe. Chikufunika n'chakuti mawu ake akhale ndi mwini wopezeka. Loya weniweni amakhala m'kaundula wa Law Society of Zimbabwe ndipo amakhala ndi chikalata chomulola kugwira ntchito chaka chimenecho. Namwino amalembetsedwa ku Nurses Council of Zimbabwe. Mlangizi wa zaulimi wa Agritex, amene anzathu a Chishona amamutcha mudhumeni, ali ndi wadi yake imene aliyense amaidziwa. Woimira antchito ngati akuti ndi wa GAPWUZ, bungwe la antchito a m'mafamu, ofesi ya bungwelo ingavomereze kapena kukana. Kufufuza zimenezi kumadya ndalama zoimbira foni kawiri kapena katatu basi, pamene munthu amene ali ndi kapepala kolembedwa maudindo asanu koma wopanda aliyense womuchitira umboni angawonongetse mudzi wonse mbewu ya chaka.

Tiyambire pati? Kodi tiyambe ndi kufunafuna mayina?

Ayi, mayina abwere pambuyo. Komiti iyambe yagwirizana chinthu chimodzi chimene ikufuna kuti anthu akachite mwambo ukatha, ndipo chinenedwe m'mawu ochepa oti mlembi angalembe pa mzere umodzi. Titenge nkhani ya unzika, imene ikupwetekabe mabanja ambiri a m'mafamu. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo aliyense amene akanatha kutengedwa kuti ndi nzika ya dziko lina anauzidwa kuti akane unzika umenewo pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Anthu obadwira m'makomboni, amene Malawi kapena Mozambique ankangomumva m'nkhani za agogo, anapezeka kuti ndi alendo m'dziko lobadwira. Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 anakonza zimenezi m'gawo 43: munthu amene anabadwira m'Zimbabwe malamulowo asanatuluke pa 22 Meyi 2013, amene kholo lake limodzi kapena onse awiri anali nzika za dziko la mu SADC, ndipo iyeyo ankakhala m'Zimbabwe pa tsikulo, ndi nzika yobadwa. Komabe mu 2021 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti losonyeza kuti ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia anali adakali m'gulu la anthu pafupifupi 300,000 amene ali pangozi yokhala opanda dziko.

Pamsonkhano wotere amakhalapo mayi wachikulire amene amamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa chitupa chachitsulo chokulungidwa m'pepala la shuga, cholembedwa kuti ndi mlendo, ndipo pambali pake pali mdzukulu wopanda kalata ya kubadwa amene akuyandikira mayeso a Giredi 7. Mayiyu sanabwerere kudzamva kuti ufulu ndi wabwino. Akufuna kudziwa kuti apite ofesi iti, atenge mapepala ati, mboni akhale ndani ngati makolo anamwalira ndipo famu imene anabadwirako inagawidwa, ndiponso achite chiyani kalaliki akamubweza. Komiti ikalemba cholinga chake kuti "mabanja opanda mapepala adziwe kopita ndi zotenga", mayina ambiri okongola amagwa okha, n'kutsala ogwira ntchito ku ofesi ya kalembera, ndi alangizi a zamalamulo a mabungwe monga Legal Resources Foundation kapena Zimbabwe Lawyers for Human Rights. Kenako oitanidwawo ayesedwe pa foni ndi funso limodzi lenileni lochokera pakomboni. Wodziwa ntchito amayamba wafunsa kuti munthuyo anabadwa chaka chiti, kuti, ndipo ali ndi pepala lanji. Woyankha msanga kuti zonse n'zosavuta, ameneyo sanaimepo pamzere wa ku ofesi.

Cholinga chimasankhanso tsiku. Nkhani ya makontirakiti ikambidwe anthu asanasaine, nazale zisanafesedwe, osati mabelo atapita kale kumsika. Ndipo msonkhano uliwonse woitanidwa m'miyezi yothyola ndi kuchiza fodya, pamene moto wa m'mabalani suzima usana ndi usiku, umapeza mipando yopanda anthu ngakhale mlendo akhale katswiri wotani.

Makampani a fodya amatitumizira alangizi kwaulere, ndipo amabwera ndi zakumwa ndi zipewa. Tikanirenji chaulere?

Musakane, koma dziwani kuti mukumvera yani. Fodya woposa magawo 90 pa 100 alionse m'Zimbabwe tsopano amalimidwa pa kontirakiti, kutanthauza kuti kampani imapereka feteleza, mankhwala ndi zina pa ngongole, n'kudzadula ndalama zake pogula fodyayo. Alangizi a makampani ambiri ndi ophunzira bwino, ndipo pa nkhani ya nazale, kudula nsonga, kutentha kwa m'balani kapena kusankha masamba m'magiredi angakuphunzitseni zenizeni, popeza fodya wabwino amapindulitsa iwo ndi inu pamodzi. Vuto limayamba pamene zofuna zanu ndi za kampani zapatukana: mtengo wa katundu amene mwapatsidwa pa ngongole poyerekeza ndi wa m'sitolo ku Karoi, ndalama zodulidwa pa pepala la malonda, zimene zimachitika matalala akawononga munda, ndi amene amaweruza mukakana giredi imene fodya wanu wapatsidwa. Pa mafunso amenewa munthu wolipidwa ndi kampani sangalankhule zotsutsana ndi amene amamudyetsa, ndipo si chilungamo kumuyembekezera kutero. Lipoti la Human Rights Watch la mu 2018 linapeza alimi ang'onoang'ono amene anasaina makontirakiti osapatsidwa kope lawo, komanso alimi ndi antchito ambiri amene sanauzidwepo kuti chikonga cha m'masamba onyowa chimalowa pakhungu n'kuyambitsa chizungulire, mutu ndi kusanza. Anthu amenewa ankakumana ndi alangizi ndithu, koma nkhanizo sizinali pa pepala la mlangizi.

Wina angatsutse kuti palibe wolankhula wopanda womulipira: wa boma ali ndi boma, wa bungwe ali ndi opereka thandizo, mlaliki ali ndi mpingo. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake mankhwala ake si kufunafuna munthu woyera mtima kotheratu, amene simudzamupeza. Mankhwala ake ndi awiri. Poyamba, woyendetsa mwambo anene poyera, mlendo asanayambe, kuti bambo kapena mayi awa amalipidwa ndi akuti, ndipo ngati ali ndi chogulitsa, chitchulidwe. Mlendo wachilungamo sakwiya nazo. Kachiwiri, pa nkhani ya ndalama pakhale olankhula awiri osadya mbale imodzi, monga wa kampani ndi wa TIMB, bungwe la boma loyang'anira malonda a fodya, kapena wa kampani ndi mlimi wamkulu amene wagulitsapo pa kontirakiti komanso pa okushoni. Chimodzimodzi pa malipiro a antchito, amene amakambidwa ku khonsolo ya olemba ndi olembedwa ntchito za ulimi: mwini famu akalankhula, woimira antchito alankhulenso, aliyense atanyamula pepala la mgwirizano umene ukugwira ntchito nthawi imeneyo. Anthu akamva awiri akuyankha funso limodzi amaweruza okha, ndipo saweruza molakwa kawirikawiri.

Mlangizi wa fodya angayesedwe mosavuta. Afunsidwe masiku amene lamulo linaika, oti ziputu zikhale zitazulidwa pofika 15 Meyi, nazale zisafesedwe 1 Juni asanakwane, ndipo mbande zisaokeredwe 1 Seputembala asanafike, ndiponso anene chifukwa chake, chimene ndi kudula mzere wa nsabwe ndi matenda amene zimafalitsa. Afunsidwenso kuti chaka chino mlimi akulandira gawo lanji m'madola a ku America, popeza banki yaikulu imasintha gawoli nyengo ndi nyengo. Wopunthwa pa zimenezi asapatsidwe bwalo.

Chinenero chili ndi kanthu kodi? Tonse timamva Chishona.

Achinyamata amamva, ndipo ambiri Chishona ndicho chinenero chawo choyamba tsopano. Koma kumva ndi kufunsa n'zosiyana. Gogo amene wakhala zaka makumi asanu akusekedwa chifukwa cha katchulidwe kake, akutchedwa dzina lonyoza loti mubhurandaya pamsika ndi pachipatala, saimirira pagulu kufunsa m'Chishona. Amagwedeza mutu ngati wamva, n'kukafunsa mnzake panjira, ndipo mnzakeyo amamuuza zimene akuganiza kuti anamva. Gawo 6 la malamulo a mu 2013 linaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka m'Zimbabwe, choncho kupempha kuti nkhani imasuliridwe si kupempha chifundo. Akatswiri olankhula Chichewa alipo, ambiri a iwo ana a m'makomboni ndi m'migodi amene anaphunzira, ndipo mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Harare ndi mizikiti ndi malo abwino ofunsirako. Akasowa, papezeke womasulira wokhulupirika, akhale pansi ndi mlendo kudakali nthawi kuti amvane mawu ovuta, ndipo nthawi ya mwambo iwerengedwe kawiri. Womasulira asakhale foromani kapena munthu aliyense amene ali ndi mphamvu pa ntchito kapena nyumba za omvera, chifukwa palibe angafunse za malipiro ake kudzera pakamwa pa womulemba tikiti.

Amayi aganiziridwe mwapadera. Ndiwo ambiri m'mashedi osankhira fodya ndi pa ntchito za nyengo, ndiwo amanyamula ana kupita nawo ku kalembera, koma pamsonkhano amakhala kumbuyo pa mphasa. Mlendo amene amavomera kutsala theka la ola kuti akhale nawo paokha ndi wamtengo kuposa amene amadzaza ola lonse ndi mawu ake.

Akatswiri ena amagonetsa anthu tulo. Kodi si bwino kuitana wosangalatsa, woti anthu aseke ndi kulimba mtima?

Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo sindilipeputsa. Munthu wowerenga pepala la Chingerezi mutu uli pansi, dzuwa likuswa mtengo, wawononga tsiku la anthu ngakhale zonse zimene wawerenga zikhale zoona. Luso la pakamwa ndi lofunika, ndipo pa tsiku lopereka mphoto kusukulu, mwana wa wantchito wa pafamu amene anakhala mphunzitsi kapena namwino angadzutse mitima ya ana pongofotokoza njira imene anayenda. Choopsa ndi olankhula amene malonda awo ndi chilimbikitso chokhachokha, amene amauza munthu wopanda munda, wopanda chitupa, wokhala m'nyumba imene angatulutsidwemo mawa, kuti umphawi wake uli m'maganizo mwake. Anthu amaseka, amawomba m'manja, ndipo akafika kunyumba amadziimba mlandu pa zinthu zimene lamulo ndi mbiri zinawachitira. Njira yabwino ndiyo kugawa ntchito. Nthabwala, nyimbo ndi kusunga nthawi zikhale za woyendetsa mwambo, munthu wa pamalo pomwepo wodziwa ulemu wa mafumu, a mipingo ndi akuluakulu a kudambwe. Mlendo apatsidwe mphindi makumi awiri kapena atatu zolankhula, ndipo nthawi yotsalayo, yochulukirapo, ikhale ya mafunso. Katswiri wouma pakamwa nthawi zambiri amatsitsimuka akayamba kuyankha nkhani zenizeni. Ngati n'kotheka, mmodzi wa komiti akamumvereko kwina asanaitanidwe, kapena afunse amene anamuitanapo, makamaka za mmene anachitira atafunsidwa funso limene sankalidziwa.

Za malipiro tizipangana motani?

Zilembedwe, ngakhale pa tsamba la kope la sukulu: ndalama zingati, m'madola a ku America kapena m'ndalama ya Zimbabwe ya ZiG, ya mafuta kapena ya basi ili momwemo kapena padera, adya ndi kugona kuti, afika nthawi yanji, ndipo akalephera kubwera zikhala bwanji. Ya ulendo ingatumizidwe patsogolo, yotsalayo aperekedwe akamaliza. Wogwira ntchito m'boma amene wabwera pa ntchito yake sagulitsa uphungu, ngakhale komiti ingathandize pa mayendedwe poyera, zolembedwa m'buku la msungichuma. Pangano linenenso kuti mlendo sadzagulitsa mankhwala, inshuwalansi kapena mbewu, ndipo sadzalemba mayina ndi manambala a zitupa za anthu komiti isanalole. Mndandanda wa mayina ukachoka pakomboni, palibe amadziwa kumene ukafike.

Bwanji osangoitana phungu kapena khansala, poti amabwera ndi mphatso?

Khansala ndi mfumu ya dera adziwitsidwe ndi kupatsidwa ulemu wawo, ndipo akhale pa mpando wa mlendo wolemekezeka ngati mwambo ukufuna. Koma mpando wa ulemu ndi ntchito yophunzitsa zisasakanizidwe. Anthu a m'mafamu akukumbukira zimene zinawachitikira mu 2000 ndi mu 2008, pamene kuganiziridwa chabe kuti uli mbali inayake kunkatenthetsa nyumba, ndipo wandale akakhala wolankhula wamkulu, mafunso amauma. Komiti ikumbukirenso kuti lamulo la mu 2019 losungitsa bata limafuna kuti okonza misonkhano ina ya anthu ambiri adziwitse apolisi kudakali masiku, ngakhale maliro, maukwati ndi mapemphero sizili m'gulu limeneli. Mlendo adzakwera galimoto madzulo, otsala ndi zotsatira zake ndi eni mudzi.

Mwambo ukatha, tidziwa bwanji kuti tinasankha bwino?

Osati ndi kuwomba m'manja, chifukwa anthu athu ndi aulemu ndipo amawombera aliyense wodza ndi ulendo wautali. Tsiku lomwelo, komiti itume anthu awiri akacheze ndi gogo mmodzi, mayi mmodzi ndi mnyamata mmodzi aliyense payekha, awafunse kuti akachita chiyani mawa. Akatchula ofesi, pepala kapena tsiku, uthenga unalowa. Akangoti mlendo uja amalankhula bwino, ndalama zinapita pachabe. Kuyesa kwenikweni kumabwera pakatha mwezi kapena iwiri, pamene mlembi amawerenga kuti mabanja angati anapita ku kalembera, angati anabwera ndi mapepala, angati anabwezedwa ndipo anauzidwa chiyani, kapena alimi angati anapempha kope la kontirakiti yawo n'kupatsidwa. Nkhani za obwezedwawo zitumizidwe kwa mlendo uja pa nambala imene anasiya. Akayankha, akalozera kwina, kapena akavomera kuti penapake analakwitsa, dzina lake lilembedwe m'buku la komiti pamodzi ndi mutu umene anakamba ndi ndalama zimene analandira, kuti komiti ya pafamu yoyandikana ikadzafunsa, ipeze cholembedwa. Akapanda kuyankha katatu, zimenezonso zilembedwe pa tsamba lomwelo.